Kwa Mwana Wofuna Kuphunzira Zolemba za Amayi

Mwana wanga, wafunsa ngati ukalowe m'kalasi kapena uphunzire pa intaneti uli konkuno ku Nkhulambe. Udziwiretu kuti phunziro la amayi ndi zolemba limakhwima ndi mtsutso. Mu Nervous Conditions, buku la Tsitsi Dangarembga la mu 1988, Tambu sadandaula mchimwene wake atamwalira. Wina anena kuti mtsikanayo ngouma mtima. Wina ayankha kuti imfa ija ndiyo inamutsegulira khomo la sukulu ya mishoni, lomwe akanalionera patali moyo wake wonse. Iwe ukamva onse awiriwo, n'kubwereranso kubuku mtima uli m'mwamba, wayamba kuphunzira.

Ndiye ngati thumba lilola, pita kukalasi. Ku University of Malawi ku Zomba kuli laibulale ndiponso anzako okangana nawo mpaka usiku. Koma fizi, lendi ndi chakudya sizidikira kuti nandolo akwere mtengo, ndipo chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mabanja ambiri kuno akadali kudzutsa nyumba. Ilipo njira yapakati: Mzuzu University imaphunzitsa anthu ali kwawo, n'kumakumana nawo nthawi zina, ndipo ili ndi nthambi ku Mulanje. Kulikonse kumene ungasankhe, usanapereke ndalama fufuza ngati sukuluyo ndi yovomerezeka ndi a bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE. Upemphenso mndandanda wa mabuku. Pena dzina la mayi limakhala limodzi lokha, kumapeto.

Za pa intaneti ndisakunamize. Kanema amadya bandulo, netiweki imathawa mphunzitsi ali pakati pa mfundo, ndipo mitambo ikakuta phiri masiku angapo, sola imakukhumudwitsa. Ukapita ku Migowi kapena paboma, koperatu zonse za mwezi umenewo, ndipo buku lalitali ulisindikize papepala. Zimenezo n'zazing'ono. Choopsa ndi kukhala wekha. Munthu wosowa womufunsa amayamba kudalira chidule cha pafoni, n'kulemba asayimenti ya buku lomwe sanalitsegule. Akhoza kukhoza mayeso, koma mukacheza naye mphindi zochepa umaona kuti m'mutu mulibe kanthu.

Choncho dzipangire kalasi. Peza anthu atatu kapena anayi: mphunzitsi wa kusekondale, mnzako wa kukwaya, ngakhale mnyamata wokonda makani, poti ameneyo adzakuumiriza kuloza tsamba. Muzikumana Loweruka, aliyense atawerenga. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo usaganize kuti amayi olemba ali kutali kokha. Walije Gondwe anatulutsa Love's Dilemma mu 1985, nthawi imene mayi wa ku Malawi wolemba buku la nkhani anali wosowa. Vera Chirwa, amene anakhala m'ndende zaka zoposa 10, anafotokoza moyo wake mu Fearless Fighter. Kutsidya kwa malire, Paulina Chiziane analemba Niketche mu 2002, nkhani ya mkazi amene atulukira kuti mwamuna wake ali ndi akazi ena ochokera mbali zosiyanasiyana za Mozambique. Mu 2021 Chiziane anapambana mphoto ya zolemba ya Camões. Zina mwa zimene akazi ochokera kumpoto kwa dzikolo amaphunzitsa mkazi wamkuluyo udzazizindikira, chifukwa chigawo cha Zambézia ndi apa.

Buku lomwe ndifuna uligwire ndi manja awiri ndi Suffering in Silence la Emily Mkamanga, la mu 2000, lonena za amayi amene ankavinira Kamuzu. Ukaliwerenga, ukakhale pamphasa ndi agogo ako, uwafunse mwaulemu: ankapita mwa kufuna kwawo? Ana ankatsala ndi yani? Mwina adzakuuza kuti ankasangalala, kuti gule ndiye anawakwezako galimoto koyamba. Usawatsutse chifukwa buku lanena zina. Lemba zonse ziwiri. Apa wophunzira wa ku Nkhulambe amaposa wa m'tauni, pakuti nyimbo za pamtondo, momwe amayi ankadzudzuliramo mwamuna woledzera kapena apongozi ovuta, zikadali m'kamwa mwa anthu, zina m'Chilomwe.

Koma usajambule mawu a munthu asanavomere, ndipo umuuze kumene akupita. Za kuchinamwali zimene anankungwi anati n'zachinsinsi zisalowe mu asayimenti, ngakhale mphunzitsi atazifuna chotani.