Kasankhidwe ka Mfuti Yoyamba ya M'manja ku South Africa

Mfuti ya m'manja ndi ija yaifupi imene imawombedwa popanda kuitsamiritsa paphewa. Ku South Africa laisensi ya mfuti yotere imalembedwa pa mfuti imodzi yeniyeni, ndipo pachiphasopo pamakhala mtundu wake ndi nambala yake. Wogula amasankha mfuti kusitolo n'kulipira, koma mfutiyo imatsala m'manja mwa wogulitsa kwa miyezi, kudikira kuti apolisi avomereze. Munthu akazindikira mochedwa kuti anasankha yosamuyenera, palibe zongokasinthitsa pakauntala: amayambiranso kulemba mafomu ndi kudikira. N'chifukwa chake zofunika kuyesa zonse zimayenera kuyesedwa ndalama isanatuluke m'thumba.

Choyamba: kudziwa ngati lamulo likulola

Lamulo loyendetsera nkhaniyi ndi Firearms Control Act, nambala 60 la chaka cha 2000, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julaye 2004. Munthu asanapemphe laisensi amayenera kukhala ndi satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera kugwira mfuti. Kawirikawiri wopempha amafunika kukhala wazaka 21 kapena kuposerapo, komanso nzika ya dzikolo kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika mpaka kalekale. Amalawi ambiri okhala ku Joni amagwa pamenepa, chifukwa pemiti yantchito kapena yasukulu siikwanira. Lamuloli limakananso munthu wodalira mowa kapena mankhwala ozunguza bongo, wosakhazikika maganizo, ndi amene anapezekapo wolakwa pa milandu yachiwawa, kuphatikizapo nkhanza za m'banja.

Wokwanira pa zonsezi amakaphunzira kusukulu yovomerezeka ndi boma, kumene amalemba mayeso a lamulolo ndi kuyesedwa kagwiridwe ka mfuti ya m'manja. Akatero amadzaza fomu ya SAPS 517 kupolisi ya dera lake, kwa wapolisi amene anapatsidwa udindo woona za mfuti. Fomu yopemphera laisensi yeniyeniyo ndi SAPS 271, ndipo chigamulo chimachokera ku Central Firearms Registry ku Pretoria.

Mfuti ya pamsika wamdima, ngakhale itsike mtengo chotani, ndi njira yakundende. Kukhala ndi mfuti popanda laisensi ndi mlandu waukulu ku South Africa monganso ku Malawi, ndipo mfuti yofufutidwa nambala nthawi zambiri imakhala itapalamula kale kwina.

Chachiwiri: kutchula ntchito yake

Pamodzi ndi fomu ya SAPS 271 pamapita kalata yofotokoza chifukwa chimene munthu akufunira mfuti. Gawo 13 la lamuloli ndi la mfuti yodzitetezera: imaloledwa imodzi yokha, ndipo laisensi yake imatha pakapita zaka 5. Gawo 15 ndi la osaka kapena ochita masewero owombera mwa apo ndi apo, ndipo laisensi yake imakhala zaka 10. Kalatayi si mwambo chabe. Poilemba, munthu amakakamizika kuyankha mafunso amene amatsogolera chisankho chonse: kodi mfutiyi izikhala m'nyumba kapena azinyamula tsiku ndi tsiku? Kodi ndi yophunzirira kulasa chandamale? Yokhala m'nyumba ikhoza kukhala yaikulu ndi yolemera popanda vuto. Yonyamula iyenera kubisika pansi pa malaya kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Pali funso lina limene fomu siifunsa mwachindunji koma mwini nyumba ayenera kudzifunsa. Ngati m'nyumbamo muli mikangano yofika pogwirana, kapena muli wina amene akuvutika maganizo mpaka kuganiza zodzipha, mfuti imawonjezera ngozi m'malo moichepetsa. Zikakhala choncho, nzeru ndi kuimika kaye zogulazo.

Chachitatu: volovolo kapena pisitolo

Volovolo ili ndi kamgolo kozungulira kamene kamasunga zipolopolo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo kamatembenuka nthawi iliyonse chokhethemulira chikakokedwa. Ubwino wake ndi wakuti siivuta kuimvetsa. Kamgoloko kakatsegulidwa, maso amaona okha ngati muli zipolopolo, ndipo chipolopolo china chikakana kuphulika, kukokanso kumabweretsa chotsatira. Kuipa kwake n'kwakuti zipolopolo ndi zochepa, kudzaza kumachedwa, komanso chokhethemulira chake n'cholimba, cha makilogalamu pafupifupi 5, moti dzanja losazolowera limapotoza mfuti pokoka.

Pisitolo imasunga zipolopolo m'magazini yolowa m'chogwirira. Ikawomba, chitsulo chapamwamba chimatsetsereka kupita m'mbuyo, kutaya chigoba chopanda kanthu, n'kubwerera chitakweza chipolopolo china. Glock 17, imene kampani ya Gaston Glock ya ku Austria inatulutsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, imanyamula zipolopolo 17. Mng'ono wake Glock 19 imanyamula 15. CZ 75, yochokera ku Czechoslovakia m'chaka cha 1975, ndi yachitsulo yonse ndipo imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, pamene Glock 19 yopanda zipolopolo siifika magalamu 700 chifukwa thunthu lake ndi lapulasitiki yolimba. Vektor Z88, imene apolisi a ku South Africa akhala akunyamula kwa zaka zambiri, inapangidwa potengera Beretta 92 ya ku Italy.

Mapisitolowa amasiyana pa kakokedwe. Pa Glock ndi ena a mtundu wake, kukoka kulikonse n'kofanana, pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka, ndipo palibe kaloko kotseka ndi chala chachikulu. Zotetezera zili m'kati ndi pa chokhethemulira penipenipo. Pa CZ 75 ndi Z88, kukoka koyamba kukhoza kukhala kwakutali ndi kolimba, kotsatira n'kukhala kopepuka. Palibe njira yoipa pa ziwirizi, koma yachiwiriyo imafuna kuphunzira makokedwe awiri, pamene wongoyamba kumene ali kale ndi zambiri zoti azikumbukira.

Ngozi yaikulu ya pisitolo kwa wachilendo ndi iyi: kuchotsa magazini sikutanthauza kuti mfuti ilibe kanthu. Chipolopolo chimodzi chimatha kutsala kukhosi kwa mpope, chokonzeka kuphulika. Ngozi zambiri za "ndimayesa mulibe kanthu" zimayambira apa.

Chachinayi: kukula kwa chipolopolo

Manambala olembedwa pa mfuti amanena za kukula kwa chipolopolo chimene imalandira. Chodziwika kwambiri ndi 9x19 Parabellum, chimene Georg Luger anakonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. M'masitolo a ku South Africa amangoti "9mm Para". Kwa munthu wofuna mfuti imodzi yodzitetezera, chimenechi ndicho chosankha chanzeru. Chimapezeka paliponse, mtengo wake ndi wofikirika poyerekeza ndi zinzake zamphamvu yofanana, ndipo kukankha kwake m'dzanja n'kopiririka. Ngakhale bungwe la FBI ku America, litagwiritsa ntchito zipolopolo zazikulupo kwa zaka zambiri, linabwereranso ku 9mm.

Pa volovolo, chofanana nacho ndi .38 Special. Volovolo ya .357 Magnum, mtundu umene unatuluka mu 1935, imalandiranso .38 Special, choncho mwini wake akhoza kuphunzirira ndi zofatsazo. Koma volovolo ya .38 siilandira .357. Chipolopolo cha .22 LR n'chotsika mtengo ndipo sichikankha kwenikweni, n'chifukwa chake aphunzitsi amakonda kuyambitsira ophunzira pa chimenechi, ngakhale mphamvu yake ndi yochepa pa zodzitetezera. Cha .45 ACP, cha pisitolo ya Colt M1911 ya John Browning, n'chachikulu, chodula, ndipo sichiwonjezera kanthu kwa munthu amene sanaphunzire kulunjika.

Mayina ena amasokoneza. "9mm Short", chimene chimatchedwanso .380 ACP, n'chachifupi kuposa 9mm Para ndipo ziwirizi sizisinthanitsidwa. Zolembedwa pa mpope wa mfuti ziyenera kugwirizana ndi zodindidwa kunsi kwa chigoba.

Chachisanu: kuigwira ndi kuiwomba

Ogula koyamba ambiri amathamangira kamfuti kakang'ono kokwana m'thumba, poganiza kuti chaching'ono n'chosavuta. Zoona zake n'zosiyana. Mphamvu imene imatulutsa chipolopolo imakankhanso mfuti m'mbuyo, ndipo mfuti yopepuka imalumpha kwambiri kuposa yolemera. Chogwirira chachifupi chimasiya chala chakanise chili lende, ndipo tizitsulo tiwiri tolunjikira tikayandikana, kulakwitsa pang'ono kumaphonyetsa patali. Kamfuti kopweteka m'dzanja mwini wake sakonda kukaphunzirira, ndiye kamangokhala. Chizolowezi chogulira amayi kavolovolo kopepuka "chifukwa ndi kakang'ono" chimawapatsa mfuti yovuta kuposa zonse. Pisitolo yapakatikati, ya mpope wa masentimita pafupifupi 10, imawombeka bwino ndipo imabisikabe m'chiuno.

Chogwirira chili ngati mpini wa khasu: wokomera mnzako ukhoza kukutulutsa matuza. Kusitolo, wogulitsa akatsegula mfuti n'kuonetsa kuti mulibe kanthu, wogula aonenso yekha, kenako aigwire atailoza kumalo otetezeka. Msana wa chogwirira ukhale pakati penipeni pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala, mpope uli mzere umodzi ndi mkono. Ikakhala chomwecho, nsonga ya chala cha mkombaphala ifike pa chokhethemulira popanda kupotoza dzanja. Ngati munthu akuchita kuzunguza mfuti kuti chala chifike, ndiye kuti yamukulira. Chala chachikulu chifike pa kabatani kotulutsira magazini. Chitsulo chapamwamba chikokedwe mpaka kumapeto kangapo. Wa manja ofooka amathandizika akachigwira ndi chikhatho chonse n'kukankha thunthu la mfuti kutsogolo ndi dzanja linalo. Wamanzere aone ngati mabataniwo alipo mbali zonse kapena ngati amasinthika. Mapisitolo ambiri amakono amabwera ndi tizidutswa tosinthira kukula kwa chogwirira.

Zonsezi sizilowa m'malo mwa kuwomba kwenikweni. Malo ambiri ophunzirira kuwombera amabwereketsa mfuti pansi pa mphunzitsi, ndipo kulipira kuti munthu ayese mitundu itatu kapena inayi n'kotsika mtengo kuposa kugula yolakwika. Choyang'ana ndi pepala la chandamale: mfuti imene mabowo ake aunjikana pamodzi ndiyo yoyenera dzanjalo, ngakhale itakhala yosakongola. Zotchinga makutu ndi magalasi oteteza maso zivalidwe nthawi zonse, chifukwa kulira kwa mfuti kumaposa madesibelo 140 ndipo kumatha kuwononga makutu mosabwezeka.

Chachisanu ndi chimodzi: ndalama

Mtengo wa pamfuti ndi gawo chabe. Pamafunikanso za maphunziro, za mafomu, bokosi lachitsulo losungiramo, chimake chovala m'chiuno, magazini apadera, zotsukira ndi zipolopolo zophunzirira mwezi ndi mwezi. Kuli bwino kugula mfuti ya mtengo wapakati ya kampani yodziwika n'kutsala ndi ndalama yophunzirira, kusiyana ndi kuthera zonse pa yapamwamba. Mtundu wofala uli ndi phindu linanso: zipangizo zake ndi amisiri oidziwa sasowa.

Yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa, bola mmisiri wa mfuti wovomerezeka aione. Iye amasuzumira mu mpope kufuna dzimbiri kapena potupa, amafufuza ming'alu, ndipo pa volovolo amaona ngati kamgolo kakukhazikika molunjika ndi mpope. Ngakhale wogulitsa akhale mbale kapena mnansi, mfutiyo siisintha manja mpaka laisensi ya wogula itatuluka.

Chachisanu ndi chiwiri: posungira ndi kanyamulidwe

Bokosi losungiramo mfuti liyenera kukhala la muyezo wa SABS 953-1, lomangiriridwa kukhoma kapena pansi ndi mabawuti, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yobwera kudzaliona. Ligulidwe mfuti isanafike. Kiyi wake asunge mwini laisensi yekha. Pamwamba pa wadirobu kapena pansi pa matiresi ndi malo amene ana amayamba kufufuza. Mfuti ikakhala kuti siili pathupi pa mwini wake, malo ake ndi m'bokosimo.

Poyenda nayo pagulu, lamulo limafuna kuti ikhale m'chimake kapena m'chonyamulira choyenera ndipo ikhale yophimbika yonse. Chimake chabwino n'cholimba, chopangidwira mtundu womwewo wa mfuti, ndipo chimaphimba chokhethemulira chonse. Kungoisomeka m'lamba kwavulaza anthu ambiri. Zipolopolo zimene wa laisensi wamba amaloledwa kusunga siziposa 200 pa mfuti iliyonse. Mfuti ikabedwa kapena kutayika, apolisi adziwitsidwe pasanathe maola 24.

Mfuti ikafika

Aphunzitsi padziko lonse amaphunzitsa malamulo anayi amene anatchuka kudzera mwa Jeff Cooper wa ku America. Mfuti iliyonse itengedwe kuti ili ndi chipolopolo. Isalozedwe pa chinthu chimene munthu sakufuna kuwononga. Chala chikhale kunja kwa chokhethemulira mpaka nthawi yowomba itakwana. Wowomba adziwe chimene akuwomba ndi chimene chili kuseri kwake, pakuti chipolopolo cha 9mm chimaboola chitseko, lata ndi khoma lopyapyala.

Pochotsa zipolopolo mu pisitolo, ndondomeko siisintha: magazini ituluke poyamba, kenako chitsulo chapamwamba chikokedwe n'kukhomedwa m'mbuyo, ndipo kukhosi kwa mpope kuonedwe ndi maso ndi kukhudzidwa ndi chala. Akasemphanitsa, kukoka chitsulo magazini ili momwemo, munthu amakhala wakweza chipolopolo china osadziwa.

Laisensi siipereka ufulu wowombera wakuba amene akuthawa ndi katundu. Makhoti a ku South Africa amavomereza mphamvu yakupha pokhapokha moyo wa munthu kapena thupi lake lili pangozi yaikulu panthawi yomweyo, ndipo ngakhale kungoloza munthu ndi mfuti popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pawokha. Pempho lokonzanso laisensi liyenera kufika kupolisi kutatsala masiku osachepera 90 kuti ithe, choncho tsikulo lilembedwe pakalendala chiphaso chikangolandiridwa.