Penti ikusupuka pa kandege kanga

Funso: Akatswiri, ndinamata kandege ka pulasitiki ka Spitfire, ka sikelo ya 1/72, koma penti ikungosupuka. Galasi la woyendetsa nalo lachita mbuu. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Ndi mafuta, akulu. Tizidutswa timachoka nawo kufakitale, zala zanu n'kuwonjezera ena. Muzititsuka m'madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, tiume kaye. Kenako pakani primer, penti pambuyo, mopyapyala kawiri kapena katatu. Yokhuthala imakwirira timizere ta pamapiko, chonsecho kukongola kwa Spitfire kuli pomwepo. Ya acrylic imauma msanga, koma ya enamel ipatseni tsiku lathunthu musanaikhudze.

Galasilo laonongeka ndi guluu, poti womatira tindegeti amasungunula pulasitiki. Pagalasi muzimata ndi guluu woyera wa akalipentala, amauma osaoneka.