Nthudza Yosabereka ya ku Kachulu

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Kachulu, kwa T/A Mwambo. Akuti: "Kuseri kwa nyumba yathu kuli mtengo wa nthudza. Chaka ndi chaka umachita maluwa, njuchi zili piringupiringu, koma chipatso ngakhale chimodzi ayi. Bambo akunyumba akuti audule."

MLANGIZI: Mayi, auzeni bambo nkhwangwayo ayambe aisunga. Mtengowo sukudwala, ndi waumuna. Nthudza ili ngati msuku kapena papaya: pali mtengo waumuna wopereka mungu, pali waukazi wobereka zipatso. Njuchi mukuzionazo zikutenga mungu pa mtengo wanu kupita nawo ku waukazi, mwina wa aneba, mwina wa m'phiri la Mpyupyu. Mukaudula, nthudza za anzanuwo nazo zichepa.

Chimene ndimaukondera mtengowu n'chakuti umachita maluwa nyengo yotentha, cha m'ma Seputembala mpaka Disembala, pamene udzu wauma, tchire lapsa ndi osaka mbewa, njuchi zikusowa pogwira. Timaluwa take n'tating'ono, tosaoneka bwino, koma timazisunga kufikira mvula itagwa. Ndipo ndi njuchi zomwezo zimene zidzalowe m'maluwa a maungu ndi nkhaka zanu. Chimanga chimadalira mphepo, mpunga umadzithandiza wokha, koma dzungu popanda kachilombo konyamula mungu limafota lili kamwana n'kuthothoka.

WOULUTSA: Bambo wina wa ku Jali akufunsa ngati angabzale nthudza m'munda wake wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa.

MLANGIZI: Angabzale, koma kumtunda. M'dambo la mpunga momwe madzi amakhalitsa, mizu imawola. Komanso dothi la m'mphepete mwenimweni mwa Chilwa lili ndi mchere, poti nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chilala chokha nthudza siiopa. Amene munaona nyanja ikuphwa mu 1995 ndi mu 2018 mukudziwa kufunika kwa mtengo wopirira chotere.

Tengani zipatso zakupsa bwino, zofiira moderako, mutsuke njere, mufese m'machubu zisanakhalitse. Musataye mtima zikachedwa kumera. Vuto la njere n'lakuti simudziwa kuti ndi yaumuna kapena yaikazi mpaka itachita maluwa, patapita zaka. Ine ndimalangiza kukumba mphukira yotuluka ku muzu wa mtengo umene munadyapo kale zipatso zake, chifukwa imatengera make. Mtengo waumuna umodzi umakwanira yaikazi ingapo. Mukaindanda m'malire, minga yake imatchinga mbuzi.

WOULUTSA: Bambo yemweyu akuti amapopera mankhwala mu tomato wake.

MLANGIZI: Pamenepo ndipemphe ndi mtima wonse: azipopera madzulo dzuwa litapendeka, njuchi zitabwerera ku ming'oma, ndipo mphepo isamaloze ku mitengo imene ili ndi maluwa. Ndaonapo njuchi zitangoti mbwee pansi chifukwa chopopera m'mawa. Mayi a ku Kachulu, inu mvula ikakhazikika kabzaleni mphukira yaikazi pafupi ndi mtengo wanuwo, muziithirira chilimwe choyamba.