Silabasi: Ndondomeko Yophunzitsira Oyendetsa Ndege

Silabasi ndi ndondomeko yolembedwa ya maphunziro. Imanena zimene wophunzira ayenera kudziwa, choyamba ndi chiti, chotsatira ndi chiti, komanso mmene mphunzitsi angadziwire kuti phunziro lalowa. Maphunziro ambiri ali ndi silabasi, koma kwa ophunzira kuyendetsa ndege ndi yofunika koposa, chifukwa mumlengalenga mulibe poimika ndege kuti munthu atsike akafunse nzeru.

Anthu a ku Chirimba, mumzinda wa Blantyre, ndege saziona zachilendo. Msewu wopita ku bwalo la ndege la Chileka umadutsa m'dera lawo, ndipo ndege zopita ndi zochokera kumeneko amaziona zikuuluka chapafupi ndi phiri la Michiru. Munthu aliyense amene amayendetsa ndege zimenezi anayamba ngati wophunzira, m'kandege kakang'ono, akutsatira silabasi phunziro ndi phunziro.

Gwero la silabasi

Sukulu siingodzilembera silabasi mmene yafunira. Bungwe la mayiko onse loona za maulendo a pandege, la ICAO, lomwe likulu lake lili ku Montreal m'dziko la Canada, limaika malamulo oti mayiko azitsatira. Bungweli linabadwa kuchokera ku pangano limene mayiko anasainirana ku Chicago m'chaka cha 1944, ndipo Malawi ndi membala wake. Dziko lililonse limatenga malamulowo n'kupanga ake. Kenako sukulu imalemba silabasi yake, ndipo akuluakulu a boma oona za ndege amaiunika asanaivomereze. N'chifukwa chake Mmalawi amene wakaphunzira ku South Africa, ku Kenya kapena ku Ethiopia amabwerako ndi luso limene mayiko ena angalikhulupirire.

Maphunziro a pansi

Gawo loyamba limachitikira m'kalasi. Wophunzira amadziwa mmene mapiko amanyamulira ndege mphepo ikamawadutsa mwaliwiro, mmene injini imagwirira ntchito, malamulo a mumlengalenga, kuwerenga mapu ndi kuwerengera mafuta okwanira ulendo. Amaphunziranso za thupi la munthu, monga mmene kutopa ndi kuchepa kwa mpweya kumasokonezera maganizo. Kulankhula pa wailesi ndi phunziro palokha. Chinenero chake ndi Chingerezi, ndipo zilembo amazitchula ndi mawu apadera kuti zisasokonezeke: A ndi Alfa, B ndi Bravo, Q ndi Quebec. Nambala za ndege zolembetsedwa ku Malawi zimayamba ndi 7Q.

Phunziro la zanyengo ndi lalikulu. Ku Blantyre, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mvula yamawawa, moti mapiri a Michiru, Ndirande ndi Soche amatha kubisika. Mu Okutobala kukatentha, mpweya umapepuka, ndipo ndege imathamanga mtunda wautali pansi isananyamuke. M'dzinja mumakhala mitambo ya mabingu imene ndege iyenera kuilambalala. Wophunzira ayenera kudziwa zonsezi asanaloledwe kupita patali.

Maphunziro a mumlengalenga

Gawo lachiwiri limachitikira m'ndege zazing'ono, monga Cessna 152 ya mipando iwiri kapena Cessna 172 ya mipando inayi. Ndege zimenezi zili ndi ziwongolero ziwiri, china cha wophunzira, china cha mphunzitsi, kotero kuti zinthu zikavuta mphunzitsi amatha kulanda ndege nthawi yomweyo.

Asanakwere, wophunzira amazungulira ndege yonse, pepala la zoyenera kuona lili m'manja. Amaona matayala, amagwedeza tizigawo ta mapiko timene timakhotetsa ndege, ndipo amayeza oyilo. Amathiranso mafuta pang'ono m'kabotolo koonekera mkati n'kukayang'ana powala. Ngati muli madzi, amaonekera pansi pa mafutawo, ndipo ndegeyo siinyamuka mpaka madziwo atachotsedwa.

Zikatero maphunziro amatsatana motere: kuyendetsa ndege pansi, kuona zimene chiwongolero chilichonse chimachita, kuuluka mowongoka osakwera kapena kutsika, kukwera, kutsika, kukhota, kuuluka pang'onopang'ono, ndipo kenako kunyamuka ndi kutera.

Kutera kumabwera mochedwa pa chifukwa chomveka. Ndege ikachepetsa liwiro kwambiri mphuno yake itadzuka, mphepo imasiya kuyenda bwino pamwamba pa mapiko ndipo ndegeyo imayamba kugwa. Potera, ndege imakhala ikuyenda pang'onopang'ono pafupi ndi malire amenewo, komanso ili pafupi ndi nthaka. Choncho silabasi imalamula kuti wophunzira ayambe walawa vutoli ali m'mwamba kwambiri, mphunzitsi ali pambali pake. Kumeneko amaphunzira kuzindikira zizindikiro zake, kuweramitsa mphuno ya ndege ndi kuwonjezera moto wa injini mpaka manja atazolowera. Mmisiri womanga nyumba sakhoma denga maziko asanalimbe, ndipo mphunzitsi wa ndege sadumpha phunziro.

Mmene phunziro limodzi limayendera

Phunziro lililonse lili ndi cholinga chake ndi muyeso wake. Asananyamuke, mphunzitsi ndi wophunzira amakhala pansi n'kukambirana zimene akachite. Ali m'mwamba, mphunzitsi amayamba waonetsa, kenako wophunzira amayesa mobwerezabwereza. Akatera amakhalanso pansi n'kuunika zimene zayenda bwino ndi zimene zalakwika. Maola onse amene auluka amalembedwa m'buku la wophunzirayo.

Muyeso ndiwo umalamula, osati kuchuluka kwa masiku. Ngati phunziro likufuna kuti ndege ikhote popanda kukwera kapena kutsika kupyola malire oikidwa, wophunzira amabwereza mpaka atakwanitsa. Wina amagwira msanga, wina amachedwa, koma onse amadutsa pa muyeso umodzi.

Tsiku lalikulu limafika pamene mphunzitsi wakhutira kuti wophunzira akutha kunyamuka, kuzungulira bwalo, kutera, ndiponso akudziwa chochita injini itazima. Mphunzitsiyo amatsika, ndipo wophunzira amazungulira bwalo n'kutera yekha kwa nthawi yoyamba. Pambuyo pake pamabwera maphunziro a maulendo ataliatali, ochoka pa bwalo lina kupita pa lina.

Ziphaso

Malinga ndi malamulo a ICAO, chiphaso choyamba, chouluka nacho popanda kulipidwa, chimafuna munthu wa zaka zosachepera 17 amene wauluka maola 40, kapena 35 ngati watsatira maphunziro ovomerezeka mwapadera. Mwa maola amenewa, 10 ayenera kukhala ouluka yekha, kuphatikizapo ulendo wa makilomita osachepera 270 wotera pa mabwalo awiri osiyana. Chiphaso chogwirira ntchito yolipidwa chimafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 pa maphunziro ovomerezeka. Chiphaso chapamwamba, cha kaputeni wa ndege zikuluzikulu zonyamula anthu, chimafuna zaka 21 ndi maola 1,500. Pa chiphaso chilichonse munthu amayezedwa maso, makutu ndi mtima ndi dokotala, amalemba mayeso, ndiponso amauluka ndi womuyesa.

Ubwino wa silabasi

Kwa wophunzira, silabasi imamuuza zimene akonzekere mawa. Ola lililonse la m'ndege limadya ndalama zambiri, ndiye wobwera atawerengeratu sataya nthawi. Kwa mphunzitsi, imamuthandiza kuti asaiwale phunziro lililonse. Mphunzitsi akadwala kapena akasamuka, mnzake amangotsegula zolembedwa n'kupitiriza pamene winayo analekezera. Nyengo ikaipa, mphunzitsi angathe kusintha zochita za tsikulo, monga kubwerera m'kalasi, koma sangachotse phunziro kapena kutsitsa muyeso. Kwa boma, zolembedwazo ndi umboni wakuti munthu amene akupatsidwa chiphaso anadutsa m'maphunziro onse ofunikira.

Mafunso okambirana

1. Kodi silabasi ndi chiyani?
2. N'chifukwa chiyani wophunzira amayang'ana mafuta m'kabotolo asananyamuke?
3. N'chifukwa chiyani phunziro la kutera silibwera koyambirira?
4. Ndi ntchito ziti za ku Chirimba zimene munthu amaphunzira motsatira ndondomeko ngati imeneyi?