Kukajambula Nyama ku Liwonde

Sankhani kaye mwezi. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala udzu umakhala utauma, zithaphwi za m'nkhalango ya mitsanya zitaphwa, ndipo njovu, njati ndi nswala zimatsikira kumtsinje wa Shire. M'dzinja thengo limawirira, misewu ina imadzaza matope.

Lawirirani. Pofika 10 koloko nyama zambiri zimakhala zitabisala pamthunzi, dzuwa nalo lili paliwombo, zithunzi n'kumatuluka zotuwa. Valani zakhaki, chifukwa kashembe amakonda zovala zakuda ndi zabuluu.

Mukaona nyama, imani chapatali ndi kuzimitsa injini ya galimoto. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amajambula kawiri katatu n'kuthamangira kukasaka mikango, imene bungwe la African Parks linabwezeretsa m'paki ya Liwonde mu 2018. Mikangoyo mwina muiona, mwina ayi. Koma njovu zili pamaso panuzo, mukazipatsa mphindi 20, zimaiwala za inu. Kamwana kayamba kuyamwa, ina idzithira fumbi, ina ikhadzula nthambi. Chithunzi chenicheni n'chimenecho. Sendezani chigongono pazenera kuti dzanja lisanjenjemere, lunjikani pa diso la nyamayo, dzuwa likhale kumbuyo kwanu. Fulashi ikhale yozimitsa.

Njovu ikamakupiza makutu pang'onopang'ono, ikungodziziziritsa. Ikadzutsa mutu, kutambasula makutu n'kumapukusa mutuwo, bwererani m'mbuyo mwakachetechete. Musaime pakati pa mayi ndi mwana wake, kapena kutseka njira yopita kumadzi. Kutsika m'galimoto n'koletsedwa, kupatula pamalo ovomerezeka.

Ngati ndalama ikukwanira ulendo umodzi wokha wolipira, ine ndingati kwerani boti, makamaka la madzulo. Gawo lalikulu la pakiyi lili kum'mawa kwa Shire, choncho dzuwa likapendeka limawalira bwino gombe lomwe kuli njovu ndi migwalangwa. Boti limagwedezeka, ndiye ngati kamera yanu imalola, ikani liwiro pa 1/1000, nkhwazi ikauluka musaiphonye. Mvuu ikayasamula si tulo ayi, ikukuchenjezani. Jambulani msanga, manja asatuluke kunja kwa boti.

Wa foni asakokere chithunzi pafupi ndi zala, chimangophwanyika. Ndi bwino kujambula nyama ili yaing'ono pakati pa mtsinje ndi milambe, ndipo azipukuta kagalasiko pafupipafupi chifukwa cha fumbi.

Mukachita mwayi woona chipembere, musalembe pa Facebook malo amene mwachiona, ndipo zimitsani GPS musanajambule. Opha nyama mozemba nawonso amawerenga.