Chamba ndi Tulo: Mafunso ndi Mayankho

Anthu ambiri amene amasuta fodya wamkulu usiku amati sakufuna kuledzera, akungofuna tulo. Kabuku kano kalembedwera iwowo, komanso abale amene amagona nawo nyumba imodzi.

Kodi n'zoona kuti chamba chimagonetsa?

N'zoona, makamaka masiku oyambirira, ndipo palibe chifukwa chobisira. M'chamba muli mankhwala ambirimbiri, koma amene amagwira mutu ndi THC, amene asayansi awiri a ku Israel, Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni, anawapatula mu 1964. Munthu akasuta, THC imachoka m'mapapo n'kufika mu ubongo pa mphindi zochepa chabe. Kumeneko imakakamira pa timalo tina ta m'maselo totchedwa CB1, timene thupi limagwiritsa ntchito kale poyendetsa njala, ululu, kukumbukira zinthu ndi tulo. Thupi limamasuka, maganizo amazizira, ndipo munthu amene ankatembenuka pamphasa mpaka tambala woyamba amagona asanamalize kuwerengera fizi ya ana.

Koma si onse. Kwa ena, makamaka mlingo ukachuluka, mtima umagunda mothamanga, mantha amagwira, ndipo chitseko chikangoti gwa amaona ngati abwera kudzamugwira. Ameneyo amachezera ali maso.

Ngati munthu akugona, vuto lili pati?

Vuto ndi mtundu wa tulo ndi kutalika kwa phindu lake. Tulo timayenda m'magawo amene amabwerezedwa usiku wonse, kuzungulira kumodzi kumatenga mphindi pafupifupi 90. Chakumayambiriro kwa usiku kumachuluka tulo tofa nato, timene timapumitsa thupi. Chakum'bandakucha kumachuluka tulo ta maloto, timene madokotala amatitcha REM, ndipo timathandiza ubongo kulongosola zimene waphunzira ndi zimene zamupweteka munthu mumtima. THC imapondereza tulo ta malototi. N'chifukwa chake wosuta tsiku ndi tsiku amakonda kunena kuti, "Ine sindilota," ngati chinthu chonyaditsa.

Chachiwiri, ubongo umazolowera. Ukaona THC ikubwera usiku uliwonse, umachepetsa timalo ta CB1 tija. Ndudu imodzi imene inkagwetsa munthu mwezi woyamba imayamba kuperewera. Amawonjezera yachiwiri, kenako ina ya pakati pa usiku akadzidzimuka. Akafukufuku akafunsa anthu, kawirikawiri amapeza kuti osuta tsiku lililonse ndi amene amadandaula kwambiri za tulo kuposa osuta mwa apo ndi apo kapena osasuta n'komwe. Tulo ta chamba tili ngati ndalama ya katapila: imatuluka msanga popanda mafunso, koma chiwongoladzanja chake chimakula mpaka munthu amakongola kuti abweze ngongole yakale.

Ndinayesa kusiya, koma ndinatha masiku atatu osagona. Kodi si umboni woti thupi langa limachifuna?

Funso ili ndiye mtima wa nkhani yonse, chifukwa anthu ambiri amabwerera pomwepa. Kusowa tulo kumene kumabwera mukangosiya si matenda anu akale aja ayi. Ndi chibaba, ndipo chabwera ndi chamba chomwecho.

Chimayenda motere. Pakatha tsiku limodzi mpaka masiku atatu, tulo timathawa. Mumapsa mtima ndi zazing'ono, mwana akagwetsa kapu mumakalipa ngati waotcha nyumba. Nsima sikoma. Ena amatuluka thukuta usiku mpaka chofunda kunyowa. Sabata yoyamba ndiyo yowawa kwambiri, ndipo zambiri mwa zimenezi zimazilala pakatha milungu iwiri. Tulo ndi timene timachedwa kubwerera mwakale, nthawi zina mpaka mwezi kapena kupitirirako pang'ono. Akafukufuku ojambula ubongo anapeza kuti timalo ta CB1 timabwerera m'chimake pakatha milungu pafupifupi inayi munthu atasiya.

Ndiye pali maloto. Tulo ta maloto timene tinaponderezedwa miyezi yonse ija timabwera mwamphamvu. Munthu amalota akuthamangitsidwa, akumira m'madzi, akulankhula ndi malemu, ndipo malotowo amaoneka enieni moti amadzuka mtima uli m'mwamba. Kwathu kuno maloto otere sachedwa kupezeredwa mwini wake, ndipo azakhali osalakwa akhoza kulozedwa chala. Dziwiranitu kuti abwera ndipo adzatha okha. Amene wasuta kwambiri kwa zaka zambiri angachite bwino kuchepetsa pang'onopang'ono mothandizidwa ndi achipatala.

Nanga bwanji timamva kuti kunja madokotala amalembera odwala chamba?

Amalembera ena, pa matenda ochepa. Mu 2017 bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine la ku United States linaunika kafukufuku wambiri amene analipo. Pa nkhani ya tulo linati pali umboni wapakatikati woti mankhwala ochokera ku chamba amathandiza kwa kanthawi kochepa anthu amene tulo tawo tasokonezeka chifukwa cha matenda ena, monga ululu wosatha. Taonani mawu awiriwo: kanthawi kochepa, matenda ena. Umboni wambiri unachokera ku mankhwala opopera m'kamwa otchedwa nabiximols, amene mlingo wake ndi woyezedwa bwino. Chamba chokulungidwa m'nyuzipepala chimene munthu wagula kuseri kwa msika palibe amene akudziwa mphamvu yake, ngakhale wogulitsayo. Ku Britain madokotala apadera analoledwa kulemba mankhwala oterewa kuyambira Novembala 2018, koma zipatala za boma kumeneko zimawapereka kwa odwala ochepa kwambiri.

Amuna anga amaliza mkonono, nthawi zina n'kusiya kupuma. Chamba chingawathandize?

Ayi, mayi. Pitani nawo kuchipatala. Mkonono umene umadukiza, munthu n'kukhala chete kwa kanthawi kenako n'kudzidzimuka ngati wotsamwa, ndi chizindikiro choti njira ya mpweya ikutsekeka ali m'tulo. Matendawa amakweza BP ndipo amachititsa munthu kuwodzera masana, ngakhale ali pa chiwongolero. Mu 2018 bungwe la American Academy of Sleep Medicine linanena poyera kuti chamba chisagwiritsidwe ntchito pa matenda amenewa.

Mafuta a CBD amene achibale amabweretsa kuchokera ku Joni ndi osiyana?

Ndi osiyana pa chinthu chimodzi chachikulu: CBD, imene imachokeranso m'chamba, siledzeretsa. Ntchito yake yotsimikizika ndi pa mitundu ina yovuta ya khunyu ya ana, ndipo mankhwala ake otchedwa Epidiolex anavomerezedwa ku United States mu 2018. Pa tulo umboni ndi wofooka. Alipo amene amati amawachepetsera nkhawa n'kugona bwino, koma timabotolo timeneti ndi todula, ndipo zolembedwa kunja si nthawi zonse zimagwirizana ndi za mkati. Kafukufuku wina wofalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2017 anayeza zinthu 84 za CBD zogulidwa pa intaneti, n'kupeza kuti zosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu ndi zimene zinalembedwa mlingo woona, ndipo zina zinali ndi THC. CBD imasinthanso mmene chiwindi chimagayira mankhwala ena, monga warfarin ndi ena a khunyu. Amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku ayambe wafunsa dokotala.

Kuthira mu tiyi kapena m'chakudya si kwabwinoko kuposa kusuta?

Mapapo amapulumuka ku utsi, zimenezo n'zoona. Koma chodyedwa chimachedwa kugwira, kuyambira mphindi 30 mpaka maola awiri. Munthu amaona ngati sichikugwira, amawonjezera, kenako zonse zimabwera pamodzi. Chiwindi chimasandutsa THC kukhala mankhwala ena amphamvu, ndipo kuledzerako kumatha kufika m'mawa. Wa kabaza kapena dalaivala wa minibasi amene wadya usiku akhoza kunyamula anthu mutu usanayere. Ndiponso keke ya chamba mwana saisiyanitsa ndi keke wamba.

Ndani amene asayerekeze n'komwe?

Achinyamata, chifukwa ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25. Mwa anthu onse oyesa chamba, pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse amakodwa, koma mwa oyamba ali achichepere ndi mmodzi mwa 6. Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, poti THC imafika kwa mwana m'mimba ndi mu mkaka. Odwala mtima. Koposa onse, aliyense amene iye kapena wachibale wake anadwalapo misala. Kafukufuku wa mu 2019 wochitikira m'mizinda ya ku Ulaya, monga London ndi Amsterdam, ndi ku Brazil, anapeza kuti osuta tsiku lililonse anali pa chiopsezo chowirikiza katatu chodwala misala, ndipo osuta chamba champhamvu kwambiri tsiku lililonse, pafupifupi kasanu.

Kodi boma silinavomereze chamba?

Ku Malawi lamulo la mu 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso chochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Kusuta, kusunga kapena kugulitsa popanda chilolezo ukadali mlandu. Ku Zambia malamulo a mu 2021 ali chimodzimodzi. Ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kusuta kwa yekha, koma ufulu umenewo suwoloka nanu malire.

Ndiye wosowa tulo atani?

Ayambe wafufuza chimene chikuba tulocho. Nthawi zambiri chimapezeka: nkhawa, matenda okhumudwa, ululu, kukodza pafupipafupi chifukwa cha shuga kapena prostate, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zopatsa mphamvu madzulo, mowa umene umagonetsa msanga koma n'kudzutsa munthu pakati pa usiku, ngakhale udzudzu ndi nsikidzi. Mankhwala ena nawonso amasokoneza. Dolutegravir, amene ali m'ma ARV a anthu ambiri masiku ano, amasowetsa ena tulo. Musasiye kumwa, koma kafotokozeni kuchipatala, chifukwa nthawi zambiri kungosinthira kumwa m'mawa kumathandiza.

Kwa amene vutoli latha miyezi itatu, chithandizo chimene madokotala amaika patsogolo si piritsi. Ndi njira yotchedwa CBT-I, imene imaphunzitsanso thupi kugona. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ngakhale usikuwo munagona maola atatu. Musagone masana. Musapite kukagona tulo tisanabwere. Mukaona kuti mwakhalitsa muli maso, mphindi ngati 20, dzukani mukakhale pampando pamalo owala pang'ono, foni ili patali, ndipo mubwerere maso akalemera. Sabata yoyamba imatopetsa, ndipo phindu limayamba kuoneka pakatha milungu ingapo.

Ngati kusowa tulo kwabwera ndi kumva mawu a anthu amene palibe, kukayikira aliyense, kapena maganizo odzipha, musadikire. Pitani ku chipatala cha boma chilichonse mukafunse wachipatala woona za matenda a maganizo. Thandizo lapadera lilipo ku Zomba Mental Hospital, ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku Chainama Hills ku Lusaka.