Tirigu ndi Nansongole m'Munda Umodzi

Inu akatekumeni amene mulikukonzekera Ubatizo, cenjerani ndi mtima wodziwa mau awiri okha: wabwino, woipa. Mtima wotere sukhala pa mtendere. Mnansi akakubwerekani khasu mumuyesa mbale wanu weniweni. Mawa akakumanani mcere mwayamba kunong'ona kuti ndi mfiti. Mkazi akapsereza ndiwo tsiku limodzi, mwamuna aiwala zaka khumi zimene anadya bwino, ndipo nkhani yafika kale kwa ankhoswe.

Woweruza anzace cotere adziweruzanso yekha cotere. Munthu waleka mowa miyezi itatu, nadziyesa woyera, nayamba kunyoza anzace. Akagwa kamodzi, pamenepo ati, “Mulungu wanditaya.” Saonekanso ku phunziro, nabwerera ku kacasu koposa kale. Cinamgwetsadi si cikho cimodzi cija ai, koma ganizo lakuti wosakhala woyera konse ali wotayika konse.

Kumbukirani fanizo la Ambuye Yezu pa Mateo 13, 24-30. Mdani anafesa nansongole usiku m'munda wa tirigu. Ancito anafuna kumzula msanga, koma mwini munda anawaletsa kufikira nyengo yokolola, kuopa kuti angazulire kumodzi ndi tirigu. Abale athu a ku Tsangano, amene alima tirigu, adziwa kuti mbeu zikamera mothithikana mizu yace ilukana pansi. Anthu ali comweco: m'mudzi umodzi, ngakhale mumtima umodzi, zabwino ndi zoipa zimera pamodzi.

Eklezia analawa kale kuwawa kwa nkhani imeneyi m'Afrika muno. Caka ca 303 mfumu ya Aroma, Diocleciano, inayamba kuzunza Akristu, ndipo atsogoleri ena, pocita mantha, anapereka mabuku oyera kwa adani. Mazunzo atatha, otsata Donato anati Eklezia ndi wa oyera okha, ndipo Ubatizo woperekedwa ndi wansembe wocimwa uli cabe. Anabatizanso anthu kaciwiri. Udani unakula kotero kuti m'mzinda wa Hipona episkopi wao analetsa kuphikira Akatolika mkate. Mkate! Agostinho Woyera, amene anakhala episkopi wa Akatolika komweko, anawayankha kuti wobatiza weniweni ndi Kristu, ngakhale dzanja lothira madzi likhale la wocimwa. Aepiskopi a mbali zonse ziwiri anasonkhana ku Cartago caka ca 411, patapita zaka zoposa 100 ciyambire mazunzo aja, mabanja akali ogawikana.

Musandimve molakwa. Nansongole si tirigu, ndipo cimo likhalabe cimo: kuba ndi kuba, cigololo ndi cigololo. Dzudzulani cimene munthu wacita, koma kuweruza munthu yense wathunthu ndi ncito ya Mwini munda. Petulo anakana Ambuye katatu usiku umodzi, ndipo ndi iye yemwe anapatsidwa nkhosa kuti aziwete.

Sabata lino, lingalirani za munthu amene munaleka kumpatsa moni. Funani cabwino cimodzi cimene anakucitirani kale, ndipo mukakumana naye pa citsime kapena pa njira ya kumunda, muyambe ndinu kulonjera.